Amayi anu sakuchita dala

Imelo yomwe ndalandira sabata ino yandisowetsa tulo. Mlongo wina walemba kuti chidwalireni sitiroko, amayi ake amangodya nsima ya kudzanja lamanja la mbale n'kunena kuti yatha, pomwe adokotala akuti maso awo ali bwinobwino. Ndiye akufunsa: kodi akuchita dala?

Achemwali, ndisanakuyankheni mundilole ndikambe za malume anga. Anali telala, munthu wolowetsa ulusi pasingano uku akucheza nawe. Atadwala sitiroko anapitirizabe kuyenda ndi kulankhula, koma ukawaikira kapu ya tiyi patsogolo, dzanja limapita n'kukagwira mphepo pambali pa kapuyo. Ankakuuza kuti kapuyo ndi yobiriwira, yobenthuka pamlomo, koma kuigwira ayi. Chodabwitsa n'chakuti udzudzu ukawaluma pakhutu, dzanja lomwelo limafika pakhutupo mosaphonya. Izi n'zomwe zinatisokoneza. Tinkati munthu wotha kudzikanda khutu angalephere bwanji kunyamula kapu? Tsiku lina atataya phala pachitenje cha azakhali, ndinawakalipira kuti asiye zachibwana. Anangondiyang'ana. Mpaka lero nkhope ija imandibwerera. Azakhali nawo anathera nkhuku kwa asing'anga, poti anthu ankati malume anachita kuwaponda chifukwa cha makina awo osokera.

Patapita zaka ndinamva kuti vutoli linalembedwa kale mu 1909 ndi dokotala wa ku Hungary, Rezső Bálint, ndipo limatchedwa optic ataxia. Diso silidziwa kuti kapu ili pati patebulo, limangodziwa kuti ili kumanja kapena kumanzere kwa pomwe likuyang'ana. Ndipo diso silikhazikika, limadumpha pafupifupi katatu pa sekondi iliyonse. Dzanja nalo limafuna kudziwa mtunda wochokera pomwe lili kukafika pakapu. Choncho ubongo umayenera kuphatikiza zomwe diso laona, komwe diso laloza, mmene khosi lakhotera ndi pomwe dzanja lagona. Ntchito yaikulu imeneyi imachitikira pamwamba chakumbuyo kwa mutu, gawo lotchedwa parietal. Mu 1983 Richard Andersen ndi Vernon Mountcastle anapeza mwa anyani kuti maselo ena a kumeneko amasintha mphamvu yake malinga ndi komwe maso aloza, ngakhale chinthucho chigwere malo amodzimodzi mkati mwa diso. Mwa malume, masamu amenewa ndi omwe anaonongeka. Khutu ankalipeza chifukwa silifuna maso.

Palinso mayi wina wodziwika m'mabuku ndi zilembo zoti DF, yemwe ubongo wake unaonongeka ndi mpweya wa carbon monoxide (ndiwo womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, chonde lekani zimenezo). Iyeyu zake zinali zotembenuka. Ukamuonetsa kabowo kopyapyala ngati ka bokosi la makalata, samatha kunena kuti kapendekera mbali iti, koma ukamupatsa khadi amalilowetsa bwinobwino. Melvyn Goodale ndi David Milner anatengerapo mfundo yawo ya mu 1992 yoti kuona kwa kuzindikira chinthu ndi kuona kwa kuchigwira kumadutsa njira ziwiri zosiyana mu ubongo.

Za amayi anu n'zachibale ndi za malume koma si zofanana. Zikumveka ngati zomwe madokotala amati neglect (ubongo kusiya kulabadira zinthu za mbali imodzi), zomwe zimabwera kwambiri sitiroko ikagunda mbali yamanja ya ubongo, poti mbali imeneyo ndiyo imayang'anira kumanzere. Mu 1978 mumzinda wa Milan ku Italy, Edoardo Bisiach ndi Claudio Luzzatti anapempha odwala awiri kuti ayerekeze m'mutu kuti aima pabwalo la Piazza del Duomo moyang'ana tchalitchi, atchule nyumba zozungulira. Anatchula za kumanja. Atawauza kuti ayerekeze aima pakhomo la tchalitchi moyang'ana komwe anali poyamba, anatchula zomwe anazisiya zija, n'kusiya zomwe anatchula kale. Taganizani, maso sanagwire ntchito apa, zonse zinali za m'mutu. Kumanzere sikunade mdima kwa amayi anu, kunangochoka. Inuyo panopa simukumva kuti chakusowani chilichonse kumbuyo kwa mutu wanu. Nawonso ndi choncho.

N'chifukwa chake zimandipsetsa mtima ndikamva anthu akuti "agogowa ayamba matama." Timapirira ndi wodwala amene mwendo wake ukukwakwaza pansi chifukwa tikuuona, koma amene kulumala kwake sikuoneka timamuweruza ngati mwana wamwano. Ndipo aliyense wouza banja kuti "maso ali bwino" n'kuthera pomwepo, osafotokoza china, wawapatsa abalewo chikwapu chokwapulira wodwala. Ine ndinachigwiritsapo ntchito chikwapu chimenecho.

Nanga mutani?

Akamaliza theka la nsima, tembenuzani mbale mwakachetechete kuti akhute kaye. Nthawi zina khalani kumanzere kwawo pocheza, muziwaitana kuti atembenuze mutu, kapena ikani kansalu kowala kumanzere kwa mbale muziwauza kuti akasake ndi maso. Moto, madzi otentha ndi msewu zisakhale mbali imeneyo, ndipo muziona dzanja lamanzere poti angalikhalire osadziwa. Kwa a mafizo (othandiza odwala kulimbitsa ziwalo) mukatchule liwu loti neglect, mukafunsenso za mandala a prism (osunthira zomwe ukuona kumbali imodzi) omwe Yves Rossetti ndi anzake ku Lyon, ku France, anaonetsa mu 1998 kuti amatha kuthandizako. Ambiri amapezako bwino m'miyezi yoyambirira. Mankhwala a BP asadumphitse.

Malume sanabwererenso pamakina. Tinawagulira kapu ya zogwirira ziwiri, ndipo tinkaigunditsa kaye padzanja lawo.