Chifukwa chake golide wa m'kachipangizo koyezera malungo amaoneka wofiira

Aphunzitsi, mwafunsa ngati kamzere kofiira kamene kanatuluka pa kachipangizo koyezera malungo pamene munapita kuchipatala kuno ku Mchinji ndi magazi, komanso ngati n'zoona kuti mumakhala golide, pamene golide amene tonse timamudziwa ndi wachikasu. Si magazi ayi. M'zipangizo zambiri zoterezi mumakhala timibulu ta golide ta nanomita pafupifupi 40, tomatidwa ku ma antibody, asilikali a m'thupi, amene amagwira mapuloteni a tizilombo ta malungo, ndipo timibuluto tikaunjikana pamalo amodzi ndi pamene mzere umaonekera. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Kufiirako kumadza ndi chimene akatswiri amachitcha plasmon.

M'chitsulo, maelekitironi (tinthu ting'onoting'ono ta mu atomu tonyamula magetsi) akunja samangika ku atomu yawo koma amayendayenda m'chitsulo chonsecho, monga momwe katswiri wa sayansi Paul Drude analongosolera mu 1900. Kuwala kukawagunda amasunthira mbali imodzi onse pamodzi, maatomu amene awasiya m'mbuyo n'kuwakoka kuti abwerere, iwo n'kupitirira malo awo, n'kukokedwanso. Taganizirani mayi amene akuchokera ku mjigo atasenza ndowa yodzaza: madzi onse amakhuthukira kutsogolo kenako kumbuyo pa liwiro lakelake, ndipo chimene chikuyenda si dontho limodzi koma madzi onsewo. Plasmon ndi kugwedezeka kwa gulu kotereku, si kanthu kena katsopano kokhala pambali pa elekitironi. David Bohm ndi David Pines ndiwo anafotokoza masamu ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Mu aluminiyamu mphamvu ya plasmon ndi pafupifupi 15 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono ngati maelekitironi), pamene kuwala kumene maso athu amaona sikupitirira kwenikweni 3 eV. Maelekitironi amatha kutsatira kuwala koteroko mosavuta n'kukubweza pafupifupi konse, n'chifukwa chake sefuliya yokwechedwa bwino ndi mchenga imawala mbuu padzuwa.

Tsono chitsulo chikachepa kwambiri, zinthu zimasintha, monganso madzi a m'kapu sagwedezeka ngati a m'ndowa. M'kambulu ka golide, maelekitironi amagwedezeka pa liwiro lofanana ndi la kuwala kobiriwira ngati msipu, kumene funde lake n'lotalika nanomita pafupifupi 520 mpaka 530, choncho kambuluko kamameza kuwala kumeneko ndipo kotsala kofika m'maso mwathu kumakhala kofiira. Michael Faraday anali atafotokoza kale za madzi ofiira okhala ndi golide wotere mu 1857. Koma ndikuchenjezeni kuti musawauze ana a sukulu kuti maganizo a Drude amalongosola zonse, chifukwa chikasu cha mphete ya golide chimachokera kwina: maelekitironi a m'kati mwa atomu, amene sali omasuka, ndiwo amameza kuwala kwa buluu.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ine ndi graphene, kansalu ka kaboni kochindikala atomu imodzi yokha, kamene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anakasenda ndi selotepi ku Manchester mu 2004 kuchokera ku graphite, yemweyu wa mu pensulo. Mmenemo maelekitironi amangoyenda m'litali ndi m'lifupi, alibe kokwera kapena kotsikira, ndipo plasmon yake ilibe liwiro limodzi lokhazikika ngati ya aluminiyamu. Limadalira kutalika kwa funde komanso kuchuluka kwa maelekitironi, kumene munthu angakuwonjezere kapena kukuchepetsa ndi voteji. Kugwedezeka kwake kumagwera ku infrared, kumene maso saona. Golide wa m'kachipangizo kanu sangasinthidwe ndi voteji motero, koma timibulu take tikagundana n'kumatana, kufiira kuja kumasanduka kofiirira kopita ku buluu.