Ndimamasula nduna za adani mu Mount & Blade: Warband, koma ina ikundidabe: kodi gemu yawonongeka?

Funso: Achimwene, ndili ndi laputopu yakale imene ndimasewerapo Mount & Blade: Warband. Anzanga anandiuza kuti ndikagonjetsa nduna ya adani pankhondo n'kuimasula, imasanduka bwenzi langa. Ndakhala ndikuchita zimenezi kwa nthawi ndithu, koma pali nduna ina ya ufumu wa Swadia imene ndaimasula katatu, ndipo inabwerabe kudzatentha mudzi wanga. Titakumananso inandiyankhula mwachipongwe, mapointi a ubale wathu n'kutsika. Magetsi anazima kawiri ndili mkati mosewera, ndiye ndikukayikira kuti mwina china chake chinawonongeka. Kodi ndiifufute gemuyi n'kuiikanso?

Yankho: Musaifufute, achimwene, chifukwa palibe chimene chawonongeka. Mukaiikanso mungotaya nthawi ndi bandulo yanu, ndipo nduna ija mukaipeza ili chimodzimodzi, popeza khalidwe lake linalembedwa m'fayilo imene mumasungira ulendo wanu, osati m'mafayilo a gemu yeniyeniyo. Kuzima kwa magetsi kukawononga fayilo yosungira, zizindikiro zake zimakhala zina: fayiloyo imakana kutseguka, kapena gemu imadzitseka yokha pamene ikuyesa kuitsegula. Zimene mwafotokozazi ndi mmene akatswiri a kampani ya TaleWorlds ya ku Turkey anapangira gemuyi, imene inatuluka m'chaka cha 2010, ndipo anzanu aja anakuuzani theka la nkhani.

Choyamba muyenera kudziwa kuti gemuyi siwerengera chinthu chimodzi chokha ayi. Pali ubale wa inu ndi nduna iliyonse payokha, umene umayenda kuchokera pa -100 kufika pa 100. Pali ubale wa inu ndi ufumu wonse umene ndunayo imatumikira, monga Swadia ya Mfumu Harlaus, Nords a Mfumu Ragnar kapena Rhodoks a Mfumu Graveth. Kenaka pali mapointi a ulemu, amene pagemupo amalembedwa kuti honor, ndipo amenewa ndi mbiri ya khalidwe lanu imene imamveka m'dziko lonse la m'gemuyi, lotchedwa Calradia. Ulemu musausokoneze ndi renown, imene ndi kutchuka chabe: munthu akhoza kutchuka kwambiri chifukwa chopambana nkhondo koma ulemu alibe. Mu gemu yosasinthidwa, imene imatchedwa Native, mukamasula nduna nkhondo itangotha mumapeza mapointi asanu a ubale ndi ndunayo komanso mapointi atatu a ulemu. Mukasankha kuigwira ukaidi, ubale wanu ndi iyo umatsika pang'ono, ndipo ubale wanu ndi ufumu wake umatsikanso. Mukafuna kuziona ndi maso anu zimenezi, tsegulani pa Reports, pamene pali lipoti la mbiri yanu ndi mndandanda wa nduna zimene mukuzidziwa pamodzi ndi mapointi a ubale.

Tsono vuto lanu lagona pa makhalidwe a nduna. Nthawi imene mumayamba ulendo watsopano, gemu imagawira nduna makhalidwe mwachisawawa, ndipo makhalidwewo alipo asanu ndi awiri. Pali nduna zolungama, pali zamtima wabwino, pali zokonda nkhondo ndi mwambo wake, pali zochenjera zowerengera phindu lokha, pali zouma mtima, pali zaliuma zokonda mikangano, ndiponso pali zankhanza zimene zimakondwera ndi kuzunzika kwa ena. Chifukwa cha kugawa mwachisawawaku, nduna imene ili yolungama pa kompyuta ya mnzanu ikhoza kukhala yankhanza pa laputopu yanu, ndipo n'chifukwa chake malangizo otchula maina a nduna zoti muzimasula sathandiza kwenikweni.

Gemu imasunga chikumbukiro cha zimene munachita, ndipo mukadzakumananso ndi nduna imene munaimasula, imayamba yakumbutsa nkhaniyo. Nduna yolungama, yamtima wabwino kapena yokonda mwambo wa nkhondo imakuthokozani, ndipo nthawi zambiri ubale umakweranso. Yochenjera kapena youma mtima imakuuzani mosapsatira kuti iyo ikanakugwirani sikanakuchitirani chifundo chotero. Koma yaliuma ndi yankhanza zimaona kumasulidwa ngati kunyozedwa, ngati kuti munaziseweretsa pamaso pa asilikali awo, ndipo pamenepo ubale umatsika mpaka kudya phindu limene munapeza patsiku la nkhondo lija. Mmene mwafotokozeramu, nduna yanu ya ku Swadia ili m'gulu lomalizali. Mukhoza kuimasula kakhumi, koma mtima wake susintha, chifukwa khalidwe la nduna silisintha mpaka ulendo wonse kutha.

Ngakhale nduna za mbali yanu zimamva nkhaniyi n'kuilankhulapo molingana ndi mitima yawo. Zina zimakuyamikani kuti mwasunga mwambo, pamene zina zimakudzudzulani kuti mwabwezera mdani kunkhondo pamene anzanu akukhetsa magazi.

Za kutenthedwa kwa mudzi wanu, muzikumbukira kuti nkhondo mu Warband ndi ya maufumu, ndipo kumasula nduna sikuthetsa nkhondoyo. Nduna yomasulidwa imabwerera kwawo, pakapita masiku ochepa imaonekanso ndi kagulu ka asilikali, n'kuyamba kulemba ena, ndipo mkulu wa asilikali a ufumu wake, amene pagemupo amatchedwa marshal, akaitana nduna zonse, iyonso imapita. Ngakhale nduna imene ndi bwenzi lanu lenileni idzaima mbali ya adani pa tsiku lozinga linga lanu. Kusiyana kwake n'kwakuti bwenzi likakupezani panjira muli ndi asilikali ochepa, mukhoza kulipempha kuti musamenyane, ndipo likhoza kukulolani kupita, ngakhale pempho lotere limadya ena mwa mapointi a ubale. Komanso nduna zolungama ndi zamtima wabwino sizikonda kutentha midzi, pamene zankhanza ndi zouma mtima ndiyo ntchito imene zimathamangira.

Mwina mufunsa kuti nanga phindu lomasula nduna lili pati, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa osewera ambiri amaliyembekezera mawa lomwe pamene limabwera patsogolo kwambiri. Mapointi atatu a ulemu aja mumawapeza posatengera kuti mwamasula yani, kaya yolungama kaya yankhanza. Ndipo ulemu umagwira ntchito mwakachetechete: pa mapointi atatu aliwonse a ulemu, nduna zonse zolungama ndi zamtima wabwino m'maufumu onse asanu ndi limodzi zimakuwonjezerani pointi imodzi ya ubale, ngakhale zimene simunakumanepo nazo. Ndiye kuti mukamasula nduna makumi atatu mumakhala ndi ulemu wokwana 90, ndipo nduna yolungama ya ufumu wa Sarranid Sultanate imene mukuiona koyamba imakulandirani muli kale ndi mapointi pafupifupi 30. Nduna zokonda mwambo wa nkhondo zimawonjezeranso, koma pang'ono pokha. Tsiku limene mudzalande mzinda n'kudzitcha mfumu, zimenezi ndizo zidzakupulumutseni, chifukwa ufumu watsopano wopanda nduna umazingidwa mbali zonse n'kugwa msanga. Nduna zimene zili nanu pa ubale wabwino n'zimene zimakopeka mosavuta kusiya mfumu yawo n'kudzalumbira kwa inu, ndipo mwamwayi, zolungama ndi zamtima wabwino n'zimenenso sizikwiya msanga mukapereka mudzi kapena linga kwa nduna ina. Amene anadzaza ufumu wake ndi nduna zaliuma amadziwa kuvuta kwake, popeza gawo lililonse la malo limabala madandaulo ndipo ubale umangotsikiratsikira mpaka zina kuthawa.

Kumbali ina, kusunga nduna ukaidi kuli ndi phindu lake lenileni, ndipo sindingakunamizeni kuti kumasula n'kwabwino nthawi zonse. Nduna za mu Warband sizifa, choncho njira yokhayo yoichotsera nduna pabwalo la nkhondo kwa nthawi yaitali ndi kuitsekera. Ufumu wa adani ukataya nduna zingapo zamphamvu nthawi imodzi, gulu limene marshal wawo angasonkhanitse limachepa, ndipo malinga awo amagwa mosavuta. Komanso pakapita nthawi mumalandira uthenga wokupatsani dipo, nthawi zambiri madinari masauzande angapo, amene kwa wosewera amene wangoyamba kumene ndi malipiro a asilikali a milungu yambiri. Mukakana dipolo mumataya pointi imodzi ya ulemu. Zimenezi opanga gemu sanazipeke okha, chifukwa ku Ulaya wa makedzana munthu wa banja lachifumu akagwidwa kunkhondo ankaonedwa ngati chuma: Mfumu Jean II ya France itagwidwa ndi Angerezi pa nkhondo ya ku Poitiers mu 1356, dipo lake linaikidwa pa ndalama zagolide mamiliyoni atatu m'pangano la ku Brétigny la mu 1360. Mukasankha kusunga akaidi, musamayende nawo m'gulu lanu nthawi yaitali chifukwa amathawa. Akatsekereni m'linga kapena mumzinda wanu, ndipo mumangemo nsanja ya akaidi imene imatchedwa Prisoner Tower, imene imachepetsa mwayi woti athawe.

Maganizo anga ndi akuti nduna yanu ya ku Swadia mukadzaigwiranso muitsekere, mudye dipo lake kapena muisunge mpaka nkhondo ithe, chifukwa ubale ndi iyo sudzakupindulirani ngakhale mutadzakhala mfumu. Koma nduna imene inakupatsani moni waulemu tsiku loyamba, kapena imene inakuthokozani mutaimasula, muziimasula nthawi zonse, ngakhale thumba litapepuka. Chinthu chimodzi chokha musachite: mukagonjetsa gulu limene linali ndi nduna ina ukaidi, ndunayo n'kukuthokozani kuti mwaipulumutsa, musaigwirenso inuyo pokhapokha mutatsimikiza kuti simudzaifuna, chifukwa pamenepo ubale umatsika kwambiri kuposa pamene mwaigwira mutamenyana nayo.

Za magetsi aja, ngakhale sanawononge kanthu ulendo uno, chenjerani nawo. Mafayilo anu ali m'foda ya Documents, m'kati mwa foda yotchedwa Mount&Blade Warband Savegames, kenaka ya Native, ndipo maina ake amakhala ngati sg00.sav. Muzikopera foda yonseyo pa fulashi kamodzi pamlungu gemu ili yotseka. Ngati poyamba munasankha njira imene salola kutuluka osasunga, gemu imalemba pa fayilo imodzimodziyo pafupipafupi, ndipo magetsi akazima pa nthawi yolembayo, batire la laputopu lili lakufa, ulendo wa miyezi ingapo ukhoza kutayika. Zikatero yang'anani m'foda yomweyo fayilo yotchedwa last_savegame_backup.sav, muikopere pambali, muipatse dzina la fayilo yowonongeka ija, n'kuyesa kutsegula.

Funso: Mchimwene wanga amasewera Mount & Blade II: Bannerlord, ndipo akuti iye amangodula mitu nduna zimene wagwira. Bwanji ine sindikuona posankha zimenezo, ndipo kodi ndi njira yabwino?

Yankho: Simukupaona chifukwa mu Warband yosasinthidwa mulibe kupha nduna. Zimenezo zinabwera ndi Bannerlord, imene anthu anayamba kuisewera mu 2020 isanamalizidwe n'kutuluka yathunthu mu 2022. Mmenemo nduna zimakalamba, zimabereka ana ndipo zimafa, ndiye wosewera akhoza kupha mkaidi wake. Mtengo wake ndi waukulu, chifukwa a fuko la wophedwayo ndi abwenzi ake, ngakhale amene ali mbali yanu, amakudani kwambiri, ndipo mbiri yanu imadetsedwa kotero kuti kudzakopa mafuko kuti alowe mu ufumu wanu kumavuta. Kumasula nduna mu Bannerlord kumakweza ubale, ndipo pamwamba pake kumakulitsa luso lokopa anthu limene limatchedwa Charm, limene mumalifuna pokambirana ndi atsogoleri a mafuko. Muwauze achimwene anuwo kuti njira yawo imayenda ngati atsimikiza kugonjetsa dziko lonse ndi lupanga popanda wowathandiza, koma ngati akufuna anthu odzawasungira mizinda akuipitsa ulendo wawo.

Dziwaninso kuti mapointi amene ndatchula pamwambapa ndi a Native. Ngati pa laputopu yanu munaikapo mod (zosintha gemu zimene anapanga osewera ena) monga Diplomacy, Floris kapena Prophesy of Pendor, opanga ake anasintha zina mwa ziwerengerozi ndipo ena anawonjezera zokambirana ndi akaidi zimene mu Native mulibe. Kuti mudziwe chimene mukusewera, yang'anani pa kawindo kamene kamatseguka gemu isanayambe, pamene palembedwa Current Module, ndipo mukamasula nduna muziwerenga mizere imene imatuluka kumanzere m'munsi mwa sikirini, chifukwa ndi imene imanena mapointi enieni amene akwera kapena atsika pa gemu yanuyo.