Katumba akamakungika usiku: kwinini uja musiyeni, achemwali

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba zija, zoti pakati pa usiku katumba amakungika n'kuuma gwa ngati mwala, zala za kuphazi n'kupindika zokha, mpaka mumadzuka mukubuula. Mwatinso mumakhala chiimire tsiku lonse pa benchi yanu ya tomato, mumamwa mankhwala a BP, ndipo anzanu kumsika akuti mugule kwinini. Ululu umenewo ndimaudziwa. Unandizunza ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri, miyezi itatu yomaliza ija, moti ndinkaopa ngakhale kudziwongola pabedi.

Ndiyambe ndi kwinini, chifukwa ndi amene wandidetsa nkhawa. Chonde musamwe. Kale madokotala ankaperekadi kwinini pa vuto limeneli, koma zinaoneka kuti kuopsa kwake kumaposa thandizo lake: amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, kuliza makutu, ndiponso kuchepetsa tizigawo ta m'magazi timene timathandiza kuti magazi aundane munthu akavulala. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, linachenjeza za zimenezi mu 2006, n'kubwerezanso mu 2010. Kwinini ndi wa malungo, ndipo ngakhale pa malungopo amafunika kulemberedwa kuchipatala.

Chimene chinandithandiza ine sichigulidwa. Mwendo ukangogwira, musaupinde ayi, ngakhale thupi limafuna kutero. Uwongoleni, bondo likhale njo, mugwire zala za kuphazi n'kuzikokera kwa inu. Ngati dzanja silikufika, kolekani chitenje kuphazi, mukoke mbali zonse ziwiri ngati mukukoka chingwe cha pachitsime. Poyamba zimawawa kwambiri, kenako mumamva mnofu uja ukumasuka pang'onopang'ono. Ukamasuka, tsikani mupondetse phazi lonse pansi, muyendeyende, ndiye muthowe ndi kansalu ka madzi ofunda.

Koma chachikulu ndi cha madzulo, musanagone. Imani moyang'ana khoma, zikhatho pakhomapo, mwendo wovutawo muubweze m'mbuyo, chidendene chisanyamuke pansi. Weramirani kutsogolo mpaka mumve katumba akukoka, muwerenge mpaka 30, mupume, mubwereze katatu, kenako mwendo winawo. Ine ndinkachita zimenezi pakhoma la kukhitchini podikira kuti madzi osamba afunde. Sabata yoyamba sindinaone kusintha, ndinatsala pang'ono kusiya, koma itakwana yachiwiri ndinayamba kugona mpaka m'mawa masiku ambiri. Bulangete nalonso musalipanikize kumapazi, chifukwa phazi likagona litaloza pansi katumba amafupika, ndipo sachedwa kugwira.

Kumsikako, mnofu umene waima kuyambira m'mamawa pa simenti kapena pa dothi louma, m'masilipasi ophwatalala, umafika madzulo utatheratu. Pezani kampando, makasitomala akachepa muzikhalako. Ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri a mumsika amadzimana madzi poopa kulipira chimbudzi kawirikawiri. Ndi dzuwa la Okutobala, thukuta likutuluka tsiku lonse, ndalama yopulumutsidwa mwanjira imeneyo imabwezedwa usiku. Mkodzo ukamaoneka wachikasu kwambiri, madzi akuchepa m'thupi. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Nthochi, mbatata, mapeyala, nyemba, bonongwe wotendera ndi usipa wodya ndi minga yomwe zimabwezeretsa mchere wa m'thupi monga potaziyamu, maginiziyamu ndi kashiamu. Wina akakuuzani kuti muzinyambita mchere wa m'khitchini, mukane. Ndi BP yanuyo mungadziputire zina.

Tsono za mapilitsi a BP aja. Ena mwa iwo, monga HCTZ amene ambiri amalandira, amagwira ntchito pokodzetsa, ndipo potero amatha kutsitsa potaziyamu. Salbutamol wa mphumu nayenso amatha kuyambitsa kukokana kwa minofu. Musasiye kumwa panokha, BP si matenda oseweretsa. Tengani mapaketi onse ndi buku lanu la kuchipatala, mukawauze adokotala kuti vutoli linayamba liti komanso limabwera kangati pa sabata. Angathe kukuyezani magazi kapena kukusinthirani mankhwala. Mupemphenso akuyezeni shuga, makamaka ngati mapazi amachita dzanzi kapena kutentha ngati mwaponda makala, chifukwa limenelo ndi vuto la mitsempha, losiyana ndi kukungika kwa katumba.

Pali chimodzi chimene sichidikira tsiku la sikelo ya BP. Kukungika kwa masiku onse kumatha pa mphindi zochepa, n'kungosiya kuwawa pang'ono m'mawa. Koma mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha, ululu osachoka, mwina magazi aundana mumtsempha wa mkati. Zimenezi zimakonda kugwira amayi apakati, amene angobereka kumene, ochitidwa opaleshoni, ndi amene akhala nthawi yaitali osayenda, ngati pa basi ya ku Johannesburg. Mwendo wotero musausisite kapena kuuthowa mwamphamvu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati mukubanika kapena pachifuwa pakubaya, musadikire kuti kuche.

Yambani za khoma zija lero lomwe, ndipo mutiuzeko dzina lomwe lalembedwa pa paketi ya mankhwala anu a BP.