Ng'anjo ya magetsi yakale: onani izi musanalipire

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwapeza ng'anjo ya magetsi yootchera zoumba ikugulitsidwa ku Blantyre, eni ake akuti ikugwira ntchito bwinobwino, ndiye mukufunsa ngati mungaigule n'kudzaiika kwanu ku Matawale, ku Zomba. Chithunzi mwaikacho chikungoonetsa kunja kophathima, pomwe nkhani yonse ili kumbuyo ndi m'kati. Ndalama zigwireni kaye.

Auzeni akujambulireni kachitsulo kokhomedwa pambali kapena kumbuyo kwake, kamene palembedwa ma volts, ma amps, ma kW, phase ndi malire a kutentha kwake. Magetsi a m'nyumba zathu zambiri ndi 230V, single phase. Ikalembedwa kuti three phase, 400V, dziwani kuti mudzayamba mwapita ku ESCOM kukapempha mzere wotero, ndalama zinanso zimenezo. Ikakhala yochokera ku America, samalani kwambiri. Ya 240V imayaka kuno, kungoti imachedwa kufika pamwamba. Ya 208V imakoka moto wopitirira muyezo wake n'kupsereza msanga maelementi, mawaya otenthetsa a m'kati, ndipo ya 120V ingoisiyani.

Soketi ya pakhoma ija ndi ya 13A, imapirira pafupifupi 3 kW basi. Ng'anjo yapakatikati ya 7 kW imakoka 30A, choncho imafuna waya wake wonenepa, breaker yakeyake ndi switch yozimitsira pafupi, zoikidwa ndi wamagetsi wovomerezeka ndi MERA, osati mnyamata wa pamsika wokonza ma hotplate. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambiranani ndi alandilodi lero. Ngati mumagawana mita ndi anzanu a pa poloti, apo ndiye pali mlandu, chifukwa kuotcha kumodzi kwa maola 9 kutha kudya mayunitsi 40 kapena 50.

Magetsi akalola, kwerani minibasi mukaione nokha, mutatenga tochi. Chimene ine ndimayamba kuyang'ana ndi njerwa za m'kati. Ndi zoyera, zopepuka, zofewa zoti mutha kukanda ndi chikhadabo, ndipo n'zovuta kuzipeza kuno. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tisakuopseni, ng'anjo iliyonse yomwe yagwirapo ntchito ili nato. Choopsa ndi tingalande mogona maelementi mukakhala mogumuka, waya n'kumalendewera panja, kapena chivundikiro chikang'ambika mbali ina kufika mbali ina, fumbi n'kumayoyokera pansi mukachigogoda. Unikaninso pansi. Mukaona dontho lolimba lonyezimira ngati galasi litalowa m'njerwa, imeneyo ndi glaze, mankhwala opaka pa zoumba kuti zinyezimire, yomwe inatayikira. Imasungunukanso nthawi iliyonse mukayatsa, n'kumadyabe njerwayo kulowa pansi, ndipo ikakhudza elementi imaidula. Kadontho kamodzi mutha kukakolokosola n'kumatapo. Akakhala mbwee paliponse, mwini wakeyo sankaisamala, ndipo mtengo utsike kwambiri kapena mubwerere.

Maelementi okha asakubwezeni. Amatha ndithu, amasinthidwa. Ndi waya wopotapota wa mtundu wa Kanthal, ndipo atsopano amaima mwadongosolo m'kangalande kawo, pomwe otopa amagonerana, kuunjikana m'makona. Musawakoke ndi zala pofuna kuona, chifukwa akapsa kangapo amathyoka ngati usipa wouma. Pemphani kuti aiyatse pa mphamvu yake yonse, muyembekeze mphindi 15 kapena 20, kenako musuzumire pa kabowo koonera: mzere uliwonse ufiire. Mzere wakuda ukutanthauza elementi yoduka, switch yakufa kapena relay yopsa. Wamagetsi mwapita nayeyo atha kuyezanso ndi multimeter ng'anjo itazimitsidwa. Ma ohms akakwera ndi 10% kuposa mmene analili ali atsopano, nthawi yawo yatha. Eni ake akakana kuiyatsa, ati kuno inachotsedwa kale ku magetsi, muigule pa mtengo wa chinthu chakufa.

Funsani dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake, mufufuze ngati maelementi ndi thermocouple yake zikupezekabe. Thermocouple ndi kandodo kaja kotulukira m'kati koyeza kutentha. Nsonga yake ikatuwa n'kumayoyoka, imanama. Zambiri mwa zipangizozi mudzaitanitsa ku Johannesburg, n'chifukwa chake ine ndimakonda ng'anjo ya ku South Africa kuposa ya kutsidya kwa nyanja, ngakhale ya kutsidyayo ioneke yokongola bwanji. Ng'anjo zakale zina zilibe kakompyuta, zili ndi kiln sitter, kachipangizo kodalira ka cone kakang'ono komwe kamapindika kutentha kukakwana, magetsi n'kuzima. Zimagwira ntchito bwino, koma tima cone timeneto simudzatipeza mu Zomba.

Za kutentha, ganizirani zomwe mumaumba. Dongo lofiira la m'madambo athu nthawi zambiri limapsa pakati pa 1000°C ndi 1100°C, mukapitirira limayamba kupindika kapena kutupa. Makapu ndi mbale za stoneware, za dongo lolimba ngati mwala likapsa, zimafuna 1220°C, imene oumba amati cone 6, kapena kuposa. Ng'anjo yolembedwa 1100°C singafike kumeneko ngakhale muipembedze. Pezani ya 1300°C kuti musamaithamangitse pa malire ake tsiku lililonse.

Funso lina limene anthu amachita nalo manyazi: ankaotcheramo glaze yanji? Ngati inali ya mtovu, umatsalira m'njerwa ndipo utha kulowa m'zinthu zanu. Yotereyo ndi ya miphika ya maluwa, osati mbale zodyera. Ikakhala yakalekale, yokhala ndi zoyera zaufumbi kuseri kwa malata, musazifukule, mwina ndi asbestos.

Kuthima kwa magetsi n'komwe kudzakuyesani mtima. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira. Muzitsata ndondomeko imene ESCOM imatulutsa musanayatse. Akathima muli pakati, musatsegule chivundikiro. Zoumba zimasweka zikazizira mwadzidzidzi, makamaka podutsa 573°C. Kuotcha koyamba, musanapake glaze, mutha kubwereza popanda vuto lalikulu, koma kwa glaze akathima kutatsala pang'ono, mitundu imatuluka ina. Jenereta ya panyumba musaiwerengere, singaikwanitse.

Mukagwirizana, mashelefu ndi timiyendo take zikhale mu mtengo womwewo, ndipo shelefu iliyonse muigogode: yosweka imalira mogontha. Ponyamula, tulutsani zonse za m'kati, ikhale choimirira pa matiresi, muike katoni pakati pa chivundikiro ndi thupi lake, dalaivala ayende pang'onopang'ono pa mahampu a pa Namadzi ndi pa Thondwe. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa, choncho pezeranitu malo ouma, opita mphepo, otalikira khoma ndi theka la mita, chifukwa chinyezi chimabweretsa dzimbiri pa mawaya, komanso utsi wa glaze si wopumira m'chipinda chogona.

Chithunzi cha kachitsuloko chikabwera chiikeni pano pamodzi ndi cha m'kati, chivundikiro chili chotsegula, tikuthandizeni kuwerenga musanakambe nawo za mtengo.