Funsani Azamba: Kodi jakisoni wa pamsana pobereka amapundula?

Funso: Zikomo azamba. Kwathu ndi ku Dedza koma ndikukhala ku Leeds, ku England, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi 7, mimba yanga yoyamba. Kusikelo andiuza kuti matenda akadzayamba ndingathe kupempha jakisoni wa pamsana wotchedwa epidural, koma apongozi anga akukanitsitsa, akuti amapundula miyendo ndi kusiya msana ukuwawa moyo wonse. Kodi zimenezi n'zoona?

Yankho: Mayi, mantha a apongozi anu ndi omveka, chifukwa kumudzi ambiri amadziwa jakisoni wa pamsana wa nthawi ya opaleshoni, uja amapha miyendo yonse kwa maola angapo. Epidural ndi wina. Mumakhala pabedi mutakumbatira pilo ndi kupinda msana, ndipo dokotala wochititsa dzanzi amalowetsa singano m'munsi mwa msana, n'kuiimitsa kunja kwa chikopa chopyapyala chimene chimakuta mitsempha. Kudzera m'singanomo amalowetsa kachubu kowonda ngati ulusi wowedzera nsomba, kenako singano amaichotsa, kachubu kokha n'kutsala atakamata ndi pulasitala. Mankhwala monga bupivacaine amadutsa m'menemo pang'onopang'ono mpaka mutachira, ndipo ululu umayamba kuzirala pakadutsa mphindi pafupifupi 20, inu muli maso, mukucheza ndi azamba.

Kupuwala chifukwa cha njirayi n'kosowa kwambiri, ndipo kafukufuku sasonyeza kuti imasiya msana wowawa kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti pamalo pobayidwapo pamapweteka kwa masiku ochepa. Msana umavuta amayi ambiri akachira, obayidwa ndi osabayidwa omwe, kungoti wobayidwa amakhala ndi poloza chala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2018 kuti mayi wathanzi amene wapempha njirayi angathe kupatsidwa.

Zovuta zake zilipo ndithu. Kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika, n'chifukwa chake amayamba akuikani diripi ndi kumamvetsera mtima wa mwana nthawi yonse. Miyendo imalemera, mkodzo mwina amauchotsa ndi kapaipi, ndipo nthawi yokankha imatha kutalika moti ena amathandizidwa ndi chipangizo chokokera mwana, koma jakisoniyu sachulukitsa mpata woti mupite ku opaleshoni. Pafupifupi mayi mmodzi pa 100 alionse amadwala mutu woopsa umene umakula akadzuka n'kuchepa akagona, ndipo uli ndi chithandizo chake. Kwa ena dzanzi limagwira mbali imodzi yokha, moti kachubu amakakonza kapena kukaikanso.

Amene adzamve zowawazo ndinu, choncho chisankho n'chanu, ndipo simukakamizidwa kuchipanga lero. Mukadzapitanso kusikelo, muwauze ngati mumabayidwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga heparin kapena ngati munavulalapo msana, popeza zimenezi zingalepheretse njirayi. Ngati mwaifuna, mudzanene ululu usanafike pachimake, chifukwa pobaya mumafunika kukhala osagwedezeka, ndipo dokotalayo akhoza kukhala ali ndi wodwala wina.