Kodi ndi kuganiza kwambiri chabe, kapena ndi matenda?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Kasungu. Bizinesi yawo ya kaunjika inagwa miyezi inayi yapitayo, ndipo chiyambire pamenepo mutu suwapatsa mpumulo. Amadziona ngati munthu wolephera, amaganiza kuti anzawo kumsika akuwaseka, ndiponso kuti ana awo adzavutika chifukwa cha iwo. Tulo amapeza, koma amadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku osagonanso. Akufunsa kuti: "Kodi ndikungoganiza kwambiri kapena ndayamba kudwala? Nanga maganizo otere munthu angawaletse?"

Achimwene, ziwirizi zimadyetsana. Maganizo ofooketsa amatsitsa mtima, ndipo mtima ukatsika umabala maganizo ena ofooketsa. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Aaron Beck, ndi amene anafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti odwala matenda okhumudwa, omwe achipatala amati depression, amaipitsa zinthu zitatu: iwo eni, dziko lowazungulira, ndi tsogolo lawo. Werenganinso kalata yanu. "Ndine wolephera," "akundiseka," "ana adzavutika." Zonse zitatu zilimo.

Chovuta n'chakuti maganizowa sabwera ngati maganizo. Amabwera ngati choonadi chosafunika umboni, ndipo amathamanga kwambiri moti munthu amangozindikira mtima utalemera kale. Choncho ntchito yoyamba si kuwaletsa ayi, koma kuwagwira ndi kuwadziwa mtundu wake.

Mtundu umene ukuonekera kwambiri mwa inu ndi wotenga chinthu chimodzi n'kuchisandutsa moyo wonse. Bizinesi imodzi yagwa, mutu ukuti "chilichonse ndikagwira chimafa." Mawu oti "nthawi zonse," "palibe," "aliyense" ndi "sindidzathekanso" ndiwo chizindikiro chake. Pafupi ndi umenewu pali wodzimata dzina. Kunena kuti "bizinesi yanga yalephera" ndi kunena kuti "ndine wolephera" n'kosiyana kutali. Choyambacho n'chochitika chimene munthu angachiunike, kuona ngati belo linakwera mtengo, ngati makasitomala anachepa, ngati ngongole zosabwezedwa zinadya mpamba. Chachiwiricho ndi chigamulo pa munthu yense, ndipo sichisiya pogwira.

Mtundu wina ndi wowerenga za mumtima mwa anthu. Mnzanu wadutsa osapereka moni, inu mwamaliza kale kuti akukunyozani, chonsecho mwina mwana wake ali kuchipatala. Palinso wolosera zoipa zokhazokha, wodzisenzetsa mlandu wonse ngakhale pa zinthu monga kugwa kwa kwacha, ndi wopeputsa zabwino: wina akakuyamikirani mumati "akungondimvera chisoni." Woopsa mwakachetechete ndi uja woti "popeza ndikumva kuti ndine wachabechabe, ndiye kuti ndine wachabechabe."

Pezani kope ndi cholembera. Mtima ukangosintha mwadzidzidzi, lembani zinthu zitatu: chimene chachitika, mawu enieni amene adutsa m'mutu, ndi mmene mukumvera, n'kupereka mlingo wa kulemera kwa mtima kuyambira 0 mpaka 10. Sabata yoyamba chitani zokhazi. Mudzaona kuti si maganizo ambirimbiri monga mumayesera, koma awiri kapena atatu omwewo obwerezabwereza.

Sabata yachiwiri sankhani ganizo limodzi, muliike pa bwalo. Umboni woti n'loona ndi uti? Lembani moona mtima, musabise. Nanga umboni wolitsutsa? Kodi mnzanu wapamtima akanakhala pamene mulipa, mukanamuuza mawu omwewa? Pomaliza lembani ganizo lina lokwanira umboni wa mbali zonse, monga: "Bizinesi yagwa ndipo mpamba wapita. Koma inadyetsa banja kwa zaka, ndipo luso losankha zovala ndi kugulitsa ndikadali nalo." Kenako perekaninso mlingo. Kuchoka pa 9 kufika pa 6 ndiye kuti zagwira ntchito. Musayembekezere 0.

Anthu ambiri amagwa pano chifukwa cha zinthu zitatu. Ena amalowetsa mawu okoma amene iwo eni sakuwakhulupirira, monga "zonse zikhala bwino," ndipo mutu umawakana pompo. Ena amachitira zonsezi m'mutu osalemba, ndiye zimangosanduka kulingalira komwe kuja. Ena amayesa usiku pakati, nthawi imene chilichonse chimaoneka chachikulu. Mukadzidzimuka usiku, lembani mzere umodzi, nkhaniyo muizenge kukacha.

Kulingalira kosathaku mungakusiyanitse ndi kuganiza kothandiza poona funso limene mukudzifunsa. "Chifukwa chiyani ine?" alibe yankho, mungazungulire naye mpaka mawa. "Ndichite chiyani Lolemba?" amatulutsa chochita. Patulani mphindi 15 masana zoganizira mavuto, ndi kope m'manja, ndipo zikatha nyamukani. Musadikirenso kuti mtima ufune ndiye muchite kanthu, chifukwa pa matendawa chilakolako chimabwera pambuyo pa ntchito. Kuyenda pansi mphindi 30, kupita kukwaya kapena kumpira, kucheza ndi munthu mmodzi tsiku lililonse, izi zilembeni ngati nthawi yomwera mankhwala. Mowa usiyeni, umagonetsa msanga koma umadzutsa usiku ndi mtima wolemera koposa.

Tsopano funso lanu loti kodi mwadwala. Kalata singapime munthu, koma achipatala amayang'ana izi: kukhala wokhumudwa kapena kusakondwanso ndi zimene munkazikonda, pafupifupi tsiku lililonse, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Pamwamba pake amafunsa za tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona wopanda pake, ndi maganizo ofuna kufa. Kawirikawiri amagwiritsa ntchito mafunso 9 otchedwa PHQ-9, omwe mapointi ake amafika 27, ndipo kuyambira pa 10 amati pakufunika kuunika bwino. Miyezi inayi, pamodzi ndi kudzuka usiku kumeneko, n'zokwanira kuti mupite. Kope lokha silingakwanire.

Yambirani pachipatala cha boma chapafupi, mufunse namwino kapena kiliniko ofesala woona za matenda a maganizo. Sikuti aliyense amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amaperekanso uphungu. Mukafika, nenani za maganizowo mosabisa, chifukwa ambiri amangotchula mutu ndi kuphwanya kwa thupi n'kubwerako ndi panado. Tchulaninso mankhwala ena alionse amene mukumwa, ndipo apimenso magazi, popeza kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimatha kufooketsa munthu mofananamo.

Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi, kuti ayambe kuoneka ntchito yake. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kubweretsa tulo, n'chifukwa chake amamwa usiku. Ambiri amasiya akangomva bwino, matenda n'kubwerera. Mumafunika kupitiriza kumwa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi mutachira, ndipo posiya muzitsata malangizo a dokotala.

Simunatchule za kudzipha m'kalata yanu, koma ndifunsa ndithu, chifukwa abambo ambiri amabisa. Ngati ganizo loti "bola nditafa" likubwera, uzani mayi akunyumba kapena mbale amene mumamudalira lero lomwe. Mankhwala a m'munda, tameki ndi mapiritsi ochuluka zichoke m'nyumba zikasungidwe kwina, musakhale nokha, ndipo mupite kuchipatala osadikira kuti sabata ithe.