Kwa mchemwali wofuna digiri ya ubale wa pakati pa mayiko

Achemwali, mwati mwasankhidwa kukachita International Relations ku yunivesite, maloto anu ndi ukazembe, koma bambo akuti maphunziro amenewo alibe ntchito, ndiye mukufunsa ngati mupite kapena musinthe. Ine ndikuti pitani. Koma mawu a bambo musawataye, chifukwa muli choonadi chimene anthu ambiri amachizindikira atavala kale gauni.

Tiyambe ndi ukazembewo. M'mayiko ambiri kazembe samulemba ntchito poona digiri. Amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ena mwa anthu amene akalambira ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ena chifukwa cha ndale basi. Khomo lolowera ndi ntchito yaing'ono ku undunako, malo ake ndi ochepa, ndipo mudzalimbirana ndi a zamalamulo, a zachuma ndi a mbiri yakale. Ku United Nations kuli mayeso olowera ntchito otchedwa Young Professionals Programme, a anthu osapitirira zaka 32, koma si chaka chilichonse dziko lanu limakhala pamndandanda wa oitanidwa. Ntchito zambiri za m'mabungwe otere zimafunanso digiri yachiwiri.

Nanga bwanji ndikuti mupitebe? Chifukwa phunziroli limatsegula mutu. Linabadwa ndi misozi ya nkhondo: mpando woyamba wa pulofesa wake unakhazikitsidwa ku Aberystwyth ku Wales mu 1919, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangotha, anthu akufunsa chimene chimachititsa mayiko kuphana. Funso limenelo ndi lomwe mudzasenze zaka zanu zonse pasukulupo. Akatswiri a phunziroli amagawikana pa yankho lake: a gulu la realism adzakuuzani kuti palibe boma lolamulira maboma, choncho dziko lililonse limadziyang'anira lokha ndipo wamphamvu ndiye amamveka. A liberalism adzati malonda, mapangano ndi mabungwe amatha kuweta mayiko. A constructivism adzati udani ndi ubwenzi wa mayiko ndi zinthu zoumbidwa ndi anthu, ndipo zimasintha. Musadzaloweze mayinawa ngati ndime ya pamtima. Adzakupindulirani mukamawayesa pa nkhani yeniyeni.

Tengani United Nations yomweyo. Inayamba mu 1945 ndipo lero ili ndi mayiko 193. Mu Security Council, nthambi yake yoona za mtendere ndi chitetezo, muli mipando 15, koma America, Britain, France, Russia ndi China ndi okhazikika, ndipo mmodzi mwa iwo akakana, chiganizo chagwa ngakhale ena onse avomere. Africa ili ndi mayiko 54 m'bungweli, mpando wokhazikika ilibe, ngakhale kuti kuyambira mu 2005, pa mgwirizano wa mayiko a mu Africa wotchedwa Ezulwini, yakhala ikupempha mipando iwiri. Ine zimenezi zimandiwawa, ndipo ndimafuna atsikana ngati inu azizidziwa mpaka kumizu, osati kungodandaula pa Facebook.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Vuto la digiriyi ndi loti imakupatsani pang'ono pa chilichonse: ndale pang'ono, mbiri pang'ono, malamulo pang'ono. Wolemba ntchito akakufunsani kuti mumatha chiyani, kunena kuti mumamvetsa za dziko lapansi sikukwanira. Muyenera kutuluka ndi luso limodzi logwirika m'manja.

Ndikupatseni chitsanzo cha ntchito yeniyeni. Pangano la malonda a pakati pa mayiko a mu Africa, lotchedwa AfCFTA, linasainidwa ku Kigali mu 2018, cholinga chake katundu wopangidwa mu Africa aziyenda popanda msonkho wambiri. Ndiye taganizirani malaya osokedwa m'dziko lina la mu Africa, koma nsalu yake yachokera ku China, mabatani ku India. Akafika pachipata cha dziko loyandikana nalo, kodi ndi malaya a mu Africa kapena ayi? Dziko lomwe lili ndi mafakitale a nsalu lidzati ayi, pofuna kuti osoka azigula nsalu yake. Dziko la osoka okhaokha lidzati inde. Nthumwi zimakhala m'chipinda zaka, kukanganirana kuti gawo lalikulu bwanji la mtengo wa malayawo likhale lopangidwa mu Africa muno. Amene amamveka m'chipindamo ndi wodziwa kuwerenga manambala ndi ndime za pangano. Ukazembe wambiri ndi wotero, osati maphwando ndi mbendera pagalimoto.

Choncho maphunziro a zachuma ndi statistics musawazembe, ngakhale masamu akuopseni. Phunziraninso chiyankhulo china mozama, choti mutha kulembera kalata ndi kukanganira pamsonkhano. Ku likulu la United Nations ntchito imayenda m'Chingelezi ndi Chifalansa, ndipo Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiarabu zimagwiranso ntchito ku African Union. Anthu ambiri amayamba n'kusiyira pa moni.

Kulemba nakonso. Ku yunivesite adzakuzolowezani masamba ambirimbiri, koma kuntchito nduna kapena bwana amafuna tsamba limodzi: chachitika n'chiyani, chikutikhudza bwanji, tichite chiyani, ndipo tikachita tiluza chiyani. Yambani pano. Sankhani nkhani imodzi, kaya nkhondo ya ku Sudan, kaya ngongole za mayiko ku IMF, muziitsata ndi kuilemba mwachidule mpaka munthu wosaidziwa aimve. Kukakhala kalabu ya Model United Nations, momwe ophunzira amayerekezera misonkhano ya bungweli, lowani, ndipo tchuthi muzifuna poti mudzipereke, ngakhale pa bungwe laling'ono lothandiza othawa kwawo.

Mukatero makomo amachuluka kuposa unduna uja: mabungwe othandiza anthu, utolankhani, ofesi za msonkho ndi malonda a kunja, mabanki, makampani otumiza katundu, kafukufuku, mabungwe a m'chigawo monga SADC ndi COMESA.

Musanayankhe kalata yokuitanani ku yunivesite, pemphani mndandanda wa makosi a zaka zonse. Onani ngati muli zachuma, malamulo a pakati pa mayiko, njira za kafukufuku ndi chiyankhulo, komanso ngati amalola kuphatikiza ndi phunziro lina. Zikakhalamo, khalani pansi ndi bambo muwaonetse luso limene mudzatuluke nalo. Zikasowa, ndipo mulidi ndi mwayi wosintha, tengani zachuma kapena zamalamulo, za ubale wa mayiko mudzachite pa digiri yachiwiri.